Kugogoda Kuwiri kwa Wapampu

Ndinamuchenjeza mdzukulu wanga tsiku lomwe anabwera ndi chipewa cholimba cha kampani, akumwetulira ngati amulonga ufumu. Ndinati, "Iwe, ntchito yoima pakati pa anthu ndi onga si ntchito. Tsiku lina mwala udzagwera munthu, ndipo adzafunafuna wamng'ono woti amusenzetse mlandu." Anaseka. Anati, "Agogo, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe." Ana a masiku ano chenjezo amaliyesa nyimbo.

Nyumba yathu ili m'mphepete mwa mgodi wa miyala. Kuchoka pazenera langa kufika pa mpanda wa waya ndi mapazi khumi, ndinawerenga. Kuseri kwa mpandawo kuli chimulu cha dothi, ndipo kupitirira chimulucho kuli chidzenje chomwe amaswamo miyala, chakuya moti lole ikatsikamo imaoneka ngati chikumbu. Mdzukulu wanga ankagwira mbendera yofiira pageti la msewu wotsikira m'dzenjemo. Ntchito yake inali imodzi: sailini ikalira, pasalowe munthu.

Lachiwiri lija sailini inalira dzuwa lisanafike pamutu. Ndinatsitsa makapu pashelefu, ndinavundikira ndowa ya madzi akumwa, ndinanyamula khanda la mdzukulu wangayo, la miyezi isanu, n'kukhala nalo pansi pa tebulo. Wailesi yanga ndinaisiya ikulira pazenera, chifukwa onga ukaphulika m'nyumba muli zii, mtima umandithawa.

Masiku ophulitsa wailesi imeneyi imadwala chifuwa. Nyimbo imaduka, n'kumveka vuuu, kenako nyimbo n'kubwerera. Ine ndimawerenga, poti ndimawerenga chilichonse. Nthawi zonse imatsokomola kasanu ndi kamodzi. Tsikulo inatsokomola kasanu ndi kawiri, n'kuwonjezanso tiwiri tatifupi: vu, vu. Ndinati mabatire akutha. Ndinalitseka khanda makutu.

Nthaka inadumpha. Fumbi linalowa pansi pa chitseko. Ndinadikira sailini yachiwiri, yonena kuti zatha, koma sinalire. Ndinangomva mapazi a anthu akuthamanga, ndi mwamuna wina akukuwa, "Wapampu! Wapampu!"

Anamutulutsa chakumadzulo atamukulunga m'tenti ya lole. Anali munthu wofatsa, wopopa madzi pansi pa dzenjelo, ndipo sankadutsa pampanda osandipatsa moni. Phazi limodzi linatulukira kunja kwa tenti, lopanda nsapato.

Dzuwa lisanalowe apolisi anatenga mdzukulu wanga. Mbendera anachita kumulanda m'manja.

"Agogo, sipanadutse munthu!" anakuwa ali m'galimoto. "Sipanadutse munthu pageti panga!"

* * *

M'mawa mwake kunabwera Sajeni wamkazi, wamtali, wa chipsera pachibwano.

"Agogo, ndibwerekeni khonde lanu ndi mipando iwiri. Mu ofesi ya kampani aliyense akundiyankha maso ali kuchitseko."

"Mpando uwo mwendo wake ndi wogwedera, musatsamire. Ndipo musakhale pansi pa lata ilo, linamasuka."

Anandiyang'ana osaseka, koma anasuntha mpando. Ine ndinakhala kuseri kwa chitseko, khanda pamwendo, khutu panja.

Woyamba anali Kalaliki wa mu ofesi, cholembera kukhutu, buku m'khwapa.

"Dongosolo lathu ndi lotere, a Sajeni, ndipo ndi lolembedwa. Wantchito aliyense ali ndi ova-ova yake, wailesi ya m'manja ija, pakuti pansi pa dzenje phokoso la makina limameza sailini. Tisanaphulitse, a Kapitawo amakwera pachimulu apo n'kuitana anthu asanu ndi mmodzi, mmodzimmodzi. Woitanidwa salankhula, pakuti kukamwa amakhala atamanga nsalu ya fumbi. Amangodina batani kawiri. Ine mu ofesi ndimamva go, go, n'kuchonga m'buku."

"Nanga akadina ali pansi pa dzenje?"

"Eya, nzeru yake yagona pamenepo. Mafunde a ova-ova saboola thanthwe. Munthu akakhala pansipo, a Kapitawo angamumve chifukwa akuonana, koma ine kuofesi, ng'o. Choncho ndikamva kugogoda, ndiye kuti watuluka, wafika pageti. Zaka zisanu ndi zinayi dongosololi silinatinamizepo."

"Dzulo Wapampu munamumva?"

"Anamuitana koyamba, zii. Kachiwiri, ndiye go, go. Momveka bwino zedi, ngati munthu akugogoda patebulo langa. Ndinachonga. Kuphulika kunadza patapita mphindi khumi ndi ziwiri."

"Ndiye anatuluka, n'kubwereranso pansi?"

"Masamu ake akutero. Ndipo njira ndi imodzi yokha, ya pambendera."

Ndinalifinya khanda mpaka linalira.

Wachiwiri anali Wasitolo, mayi wosunga zida. Anayamba kulankhula asanakhale pansi.

"Ine sindikudziwa kanthu, Mulungu akundiona, ine changa ndi kutchaja mabatire basi, ndili ndi ana anayi, mwamuna anathawa, musandilembe molakwika—"

"Ova-ova imene tinaipeza pathupi la malemu ndi nambala seveni. Munamupatsa ndinu?"

"Seveni? Iii, ayi! Seveni ndinaiika pambali sabata yatha, ndinaimanga ndi kachingwe kofiira. Eliyo yake, kachitsulo kapamwamba kaja, inathyokera m'kati, kunja ikuoneka bwinobwino ngati mwamuna wa patchalitchi, koma m'kati mwawola."

"Nanga inafika bwanji kwa iye?"

"Ine ndinapita kokamwa tiyi. Pobwera ndinapeza a Kapitawo atagawa kale. Koma sindikunena kanthu ine! Mwina anaikonza. Zinthu zamagetsi ukazigwedeza zimadzuka. Mwalemba kuti sindikunena kanthu?"

Wachitatu sanaitanidwe. Anali mkazi wa malemu, atabwera kudzatenga njinga ya mwamuna wake pageti. Anakana mpando.

"Sindingakhalire mpando wa nyumba imene yandiphera mwamuna," anatero, mawu atasasa. Ankadziwa kuti ndikumva. "Akuti anabwerera kukatenga chakudya chimene anaiwala. Chakudya chanji? Masiku atatu sanadye. Kachitini kake kali kunyumba."

"Chinkamudetsa nkhawa n'chiyani?"

"Anati anaona makatoni a onga akuwazembetsa pamgodi ndi lole, atawakwirira ndi miyala. Anati woyendera migodi akabwera adzamuuza. Ndinati tseka pakamwa, uli ndi ana. Sanandimvere."

"Anatchula munthu?"

"Akanatchula, bwenzi ndili pano?"

Womaliza anali Kapitawo. Anavula chipewa, anandipepesa kudzera pachitseko, anakhala mwaulemu manja pamaondo. Munthu wolankhula motsitsa mawu muzimuopa kuposa wokuwa.

"Mtsikana uja ndi wabwino, a Sajeni, ndinamulemba ntchito ndine. Koma achinyamata ndi mafoni awo, mukudziwa. Kuwerama pang'ono, munthu wadutsa."

"Munamupatsiranji malemu ova-ova yowonongeka?"

"Ndinaiyesa, inkagwira. Umboni wake mwaumva kale. Ikanakhala yakufa, Kalaliki akanamva chiyani?"

Sajeni anatseka kabuku kake.

Kapitawo ataimirira, ova-ova yake inalira m'chiuno. Anaisolola, anadina, anati, "Ndikubwera." Nthawi yomweyo wailesi yanga pazenera inadula nyimbo: vuuu.

Anasiya batani, nyimbo inabwerera. Anaima kanthawi akuyang'ana zenera langa. Kenako anadinanso kamodzi, osalankhula kanthu.

Vu.

* * *

Lachinayi ndinabereka khanda, ndinakulunga wailesi m'nsalu, n'kupita kumsika kwa wokonza mawailesi amene onse amamutcha Mawaya. Sindinapite kukafufuza mlandu ayi. Ndinkaopa kuti chinthu chimene chikutsokomoletsa wailesi chikulowanso m'mutu mwa mwana, poti paliwombo pake n'pofewa.

"Akazi anga afika!" anakuwa Mawaya, galasi lokulitsira zinthu lili padiso. "Mwandibweretsera chiyani, chikondi kapena mavuto?"

"Ukwatire amako. Wailesi iyi ikudwala chifuwa."

Ndinamufotokozera. Anaseka mpaka kutsokomola iye mwini. Pashelefu pake panali ova-ova ya alonda ena yodikira mwini wake. Anayatsa wailesi yanga, anadina ova-ovayo. Vuuu.

"Chifuwa chake ndi chimenechi?"

"N'chomwecho! Zimitsa, pali mwana!"

"Mwana sizimukhudza, mayi. Dikirani muone."

Anawoloka msewu, anaima pakhomo la ometa tsitsi, anakweza dzanja kuti ndione akudina. Wailesi inangonong'ona pang'ono. Anapitirira mpaka pa ogulitsa matayala, anakwezanso dzanja. Nyimbo sinagwedezeke n'komwe.

Anabwera akupuma movutika.

"Mwaona? Kachitsulo aka kotuluka pamwamba ndi eliyo. Ndikadina, magetsi amathamanga m'kati mwake, kukwera kutsika, kukwera kutsika, mofulumira moti palibe angawerenge, ngakhale inuyo. Kuthamangako kumaponya mafunde osaoneka mbali zonse. Akakafika pa eliyo ina, magetsi a m'menemo nawo amayamba kunjenjemera chimodzimodzi, ndiye mawu atuluka."

"Popanda chingwe?"

"Popanda chingwe. Ganizani nyali. Pafupi ndi nyali mungalowetse ulusi m'singano. Patali mumangoona kadontho. Kuseri kwa khoma, mdima. Mafunde awanso amatopa akamayenda, ndipo thanthwe limawatchinga."

"Nanga wailesi yanga ikulowerera bwanji nkhani za eni ake?"

"Iyo ikumvetsera siteshoni yakutali, mawu ofika atatopa kale. Ndiye wina adzaikuwira pakhutu penipeni. Ngakhale akuwe m'chinenero china, igontha basi. Si matenda. Ndi yotchipa chabe, ngati mwini wake."

Ndinamugwira mkono.

"Mawaya, tandiuza bwino. Kapitawo akaitana ali pachimulu, mapazi makumi awiri kuchoka pazenera langa, wailesi itsokomola. Nanga woyankhayo, ali kutali kugeti, akadina?"

"Simungamve kanthu. Imangomva wodina pafupi."

"Nanga ova-ova yothyoka eliyo m'kati?"

"Imeneyo ndi gonthi wosalankhula. Imamva pokhapokha mnzake ali pamphuno."

Kasanu ndi kamodzi, anthu asanu ndi mmodzi. Tsiku lija kasanu ndi kawiri, chifukwa Wapampu anamuitana kawiri. Nanga tiwiri tatifupi tija? Zaka zonsezi wailesi yanga inali isanamvepo munthu akuyankha.

"Akazi anga, mwatani? Nkhope yachita phulusa."

Ndinakulunga wailesi osatsanzika.

* * *

Kunyumba ndinamupeza Kapitawo atakhala pakhonde panga, chitini cha mkaka wa ana chili pamwendo.

"Agogo, ndamva kuti mwana akuvutika amake kulibe. Kanthu kochepa aka."

Ndinaima pabwalo.

"Mwatenga wailesi kokonzetsa? Yakalamba imeneyo. Ndipatseni, mawa ndikubweretserani yatsopano, yogwira siteshoni zonse."

"Ndinaizolowera."

"Chabwino." Anaimirira, anasisita mng'alu wa pakhoma langa ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi. "Mukudziwa, pamapu a kampani mpanda uja umayenera kudutsa kuseri kwa nyumba ino. Ndine ndimawauza kuti asiyeni agogo, alibe kolowera. Komanso onga ndi wovuta, mayi. Ukaloza molakwika pang'ono, mwala ngati mutu wa ng'ombe umauluka mpaka kuno. Mwanayu amagona mbali iti?"

Ndinamangitsa nsalu ya mwana kumsana.

"Ukalamba ndi wovuta," anatero akuvala chipewa. "Makutu amamva zambiri, zina zoti kulibe. Muziwapumitsa."

Anasiya chitinicho pampando. Ndinafuna kuchitaya m'chimbudzi. Koma khanda linali litalira kuyambira m'mawa, ndipo m'nyumba munalibe china. Ndinawiritsa madzi. Ndinamupatsa.

Musandiweruze musanakhalepo pafupi ndi dzenje ngati limenelo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Lachisanu ndinasunthira mphasa ya mwana kukhoma lakutali. Loweruka anaika maliro a Wapampu, ine ndinatseka zenera. Lamlungu ndinapemphera kuti Sajeni azindikire yekha, poti ndi wophunzira, anapita kusukulu, ine ndine yani? Wailesi ndinaibisa m'dengu la zovala.

Lolemba m'mawa ndinapita kupolisi kukamuona mdzukulu wanga.

Anamubweretsa pa kawindo ka zitsulo. Bulauzi yake inali itauma gwa kutsogolo ndi mkaka wotayika. Milomo inali itang'ambika, maso ofiira ndi kutentha thupi. Khanda analetsa kulowa nalo, linatsala ndi wapolisi wa pakhomo.

"Akudya, agogo?"

"Akudya."

"Mawere anatupa masiku atatu, ndimafinyira m'ndowa. Lero sakutuluka kwenikweni." Anagwira zitsulo. "Akuti mawa kukhoti, kenako kundende kukadikira mlandu. Mayi wina muno wadikira zaka ziwiri. Agogo, mwina ndinaphethira? Ndayamba kudzikayikira. Mwina anadutsadi ine osamuona?"

Apo m'pamene chinandithyokera m'kati. Mwana amene ndinamulera ndekha, wayamba kuvomera kupha munthu.

Ndinamupeza Sajeni pakhonde la polisi akumanga chingwe cha nsapato.

"Mwanangu," ndinatero, "Wapampu sanayankhe. Anamuyankhira wina."

Anasiya chingwecho.

* * *

Masana omwewo Sajeni anaimitsa makina onse pamgodi. Kalaliki anamukhazika mu ofesi ndi wapolisi mmodzi. Ine anandikhazika m'nyumba mwanga ndi wapolisi wina, msana kuzenera, wailesi pamalo pake.

"Ndidina kawiri pamalo atatu," anatero. "Sindikuuzani kuti ndi pati, kapena liti. Mukamva kanthu, nenani. Mukanama, agogo, mwamumiza mdzukulu wanu."

"Musatsetsereke potsika, miyala ya m'mbali ndi yomasuka."

Anapita. Pawailesi panali mwamuna akulankhula za matenda a nkhuku. Ndinamvetsera ngati akunena za moyo wanga. Nthawi inapita. Wapolisi ankayang'ana wotchi n'kumalemba, ine osamva kanthu. Ndinayamba kuganiza kuti Mawaya wandinamiza, kapena makutu anga ndi amene anama, monga ananenera Kapitawo. Wa nkhuku uja anamaliza, inayamba nyimbo, nyimbo inatha, inayamba ina.

Vu, vu.

"Ndi zimenezo!" ndinakuwa. "Ndi zomwe zija!"

Ndinatembenuka. Sajeni anali ataima pamwamba pa chimulu, ova-ova m'manja. Pambali pake panali Kapitawo.

Ndinatuluka ndi khanda kumsana mpaka pampanda. Antchito anali atasonkhana m'munsi mwa chimulu, nsalu za fumbi zili m'khosi. Kalaliki anabwera akuthamanga, buku osatenga.

"Mwamva kangati?" anafunsa Sajeni.

"Kawiri, a Sajeni."

"Ndadina malo atatu. Koyamba ndinali pansi, papampu. Ameneyo simunamve, chabwino. Enawo awiri?"

"Woyamba kumva unabwera ndi mpweya, shii, ngati wakutali. Ndiwo wa pageti. Wapampu nthawi zonse amamveka choncho." Anayang'ana kuchimulu. "Wachiwiriwu ndi woyera, wamphamvu. Ngati patebulo langa."

"Wa Lachiwiri unali uti?"

Kalaliki anachotsa cholembera kukhutu, anachiyang'ana ngati sakuchidziwa.

"Wachiwiriwu. Ndinadabwa pang'ono tsikulo. Koma kugogoda ndi kugogoda, buku silifunsa kuti kwamveka bwanji. Ndinachonga, a Sajeni. Ndi dzanja ili."

Kapitawo anaseka motsitsa. "Ndiye mundimanga chifukwa cha wailesi yam'dzala, ndi nkhalamba yosadziwa ngakhale kulemba dzina lake?"

Anandiyang'ana kudzera pawaya. Ndinagwira mpanda ndi manja awiri.

"Kulemba sindidziwa," ndinatero, "koma kuwerenga ndimawerenga. Munaitana woboola miyala, wa makina okumba, madalaivala awiri, ndi mdzukulu wanga. Kasanu. Munaitana Wapampu, kasanu ndi kamodzi. Munadikira. Munamuitananso, kasanu ndi kawiri. Kenako chala chanu chomwecho chinadina kawiri. Zaka zonsezi wailesi yanga sinamvepo munthu wina koma inu."

"Ndani anakuuzani mndandanda wa oitanidwa?"

"Mumakuwa, bambo. Mapazi makumi awiri si patali."

Antchito anayamba kung'ung'udza. Wasitolo anali kumbuyo kwawo, manja pamutu. "Kachingwe kofiira ndinakapeza m'bini!" anakuwa. "Kodulidwa ndi mpeni! Lembani, ndanena ndine!"

Kapitawo anapukuta kukamwa. Ulemu uja unali utamuthawa.

"Chabwino. Ndinamuyankhira. Malole anali pamzere kuyambira m'mawa, bwana akundiimbira foni. Ndinayesa watuluka kale, ova-ova yake yangovuta. Ndi kulakwitsa kwa pantchito, a Sajeni, si kupha."

"Munayesa watuluka."

"Eya."

"Tembenukani. Yang'anani pansi."

Sanatembenuke. Sajeni anamugwira phewa n'kumutembenuza yekha.

"Mwaima pano chifukwa pano pokha m'pamene ova-ova imaona pansi pa dzenje. Pamene ova-ova ikuona, maso akuonanso. Ine ndikuona denga la pampu. Ndikuona mgolo wabuluu. Ndikuona ngakhale nsapato yake imene inatsala ija, apo, pambali pa paipi. Mukundiuza kuti munthu wathunthu, wovala malaya achikasu, simunamuone mphindi khumi ndi ziwiri?"

Mphepo inkangoulutsa fumbi pachimulu.

"Za makatoni a onga tikakambirana kupolisi," anatero Sajeni, akutulutsa unyolo.

Potsika naye anadutsa pafupi ndi mpanda. Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana mwana kumsana kwanga, mpaka wapolisi anamukankha.

* * *

Mdzukulu wanga anamutulutsa Lachiwiri m'mawa, sabata yathunthu chimutengereni. Sindinamudikire pakhomo la polisi, ndinaima patsidya pa msewu, pansi pa mtengo, chifukwa pakhomo la polisi sipaimidwa. Anawoloka pang'onopang'ono ngati wodwala. Sanalire. Anangomasula mwana kumsana kwanga n'kukhala naye pamwala.

"Sajeni wandiuza zonse," anatero. "Akuti ndinu munandipulumutsa. Inu ndi kawailesi kanu."

"Usakhale pamwala wotentha, thupi lako silili bwino."

"Akuti munapita kwa Mawaya. Munapita liti?"

Ndikanatha kunama. Mawaya sasunga masiku.

"Lachinayi."

"Lachinayi." Anali akumasula mabatani a bulauzi, ndipo zala zinaima. "Ndiye munadziwa Lachinayi."

"Anabwera kunyumba, mwanangu. Anafunsa mbali imene mwana amagona. Ukanakhala iwe—"

"Lachisanu ndinkafinyira mkaka m'ndowa yonyera anthu khumi. Loweruka ndinakomoka. Lamlungu ndinawauza apolisi kuti mwina ndinaphethira, alembe choncho zithe." Sanakweze mawu. "Inu muli kunyumba, mukudziwa."

"Ndinkaopa."

"Ndikudziwa, agogo. Mumaopa nthawi zonse."

Anamuika mwana kubere. Khanda linanunkhiza, linayamwa kawiri, linasiya. Anamusinthira mbali ina, akufinya ndi zala, mano atakukuta. Sipanatuluke kanthu. Mwana anakankha ndi timanja take, anapotoza khosi, anayamba kulira akundifunafuna ine ndi maso.

Mdzukulu wanga anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka mabatani, limodzi limodzi, mpaka la pakhosi.

"Mwakhala mukumupatsa chiyani?" anafunsa.

Basi yathu inafika, inaima, kondakitala anatiitana kawiri. Tonse awiri sitinasunthe.